Makina Anga Osaka Zitsulo ndi Chitenje cha Apongozi

Inu mumandiseka kuti ndikangomva makina osokera akulira, dzanja langa limathamangira kumbuyo kwa thalauza. Sekani ndithu, palibe mlandu, koma lero mumve pamene zinayambira.

Zinachitika kwa Maganga, nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi m'thumba. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Khombedza, koma ndinakwatira kwa Maganga, ndipo chimenecho chinali chaka changa chachinayi pachikamwini. Mkazi wanga Elube ndi mwana wamkazi yekhayo wa a Nambewe, mayi wamasiye amene mudzi wonse unkawaopa, komanso mudzi wonse unkathamangira kwa iwo pakavuta. Ankasoka. Makina awo anali opukusa ndi dzanja, akalekale, utoto unatha kusupuka, koma msoko wa a Nambewe ukadutsa pa nsalu, unkachita kuufufuza ndi chala kuti uli pati. Akazi a asodzi ankachokera kugombe kudzasoketsa zovala za Idi, a kwaya ankabwera ndi mayunifolomu awo, ndipo zovala za amayi ovina pa misonkhano ya chipani zonse zinkadutsa m'manja mwawo.

Nanga ine? Kumunda, mzere wanga unkakhotakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Kunyanja ndinakwerako bwato kamodzi kokha, ndipo ndinabweza zonse zimene ndinadya asodzi asanaponye n'komwe khoka. Chimene ndinkadziwa ine ndi mawaya basi. Tochi yakufa, wailesi yosamveka, dayinamo ya njinga, zonsezo ndinkazimasula n'kuziyala pa mphasa, tsiku lonse ndili chiweramire. Apongozi anandipatsa dzina, a Mawaya. Osati pamaso panga ayi. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi sapenyana. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'chinangwa, iwo n'kuyang'ana kumbali. Zaka zinayi zonsezo mawu awo ankandipeza kudzera mwa Elube, ngakhale nditakhala apa pokha: "Uwauze a Mawaya kuti mbuzi zalowa m'munda."

Ndiye kunabwera kalata yoti andisamutsira ku sukulu ya kufupi ndi kwathu, yokhala ndi nyumba ya malata, ndipo ndikayambe teremu ikatsegulidwa, patangotsala milungu iwiri. Kuti ndipite ndi Elube panafunika chitengwa. Atsibweni ake anandiyankha mosabisa: "Ine ndilibe mawu, koma achemwali akakana, nkhani yathera pomwepo." Achemwaliwo yankho lawo linadzera mwa Elube monga mwa masiku onse: "Mwana wanga kumeneko azikadya mawaya?"

Mwamva? Kupita ndekha n'kumusiya Elube, mtima sunkalola. Kukana kalata ya boma masiku amenewo, ndani? Ndinkagona ndi nkhaniyo, kudzuka nayo.

Lachiwiri m'mawa mwayi unandigwera, kapena ndinene kuti ine ndinauyesa mwayi. M'makina osokera muli kachitsulo kobulungira, kakang'ono ngati dzira la njiwa, m'mene mumakhala ulusi wapansi. Popanda kameneko makina ndi chitsulo chabe, ungapukuse mpaka dzanja kutupa. Kachitsulo ka apongozi kanasowa. Loweruka kunali msonkhano waukulu ku boma, nsalu za amayi ovina zili mulu pa mphasa, zodula kale, zongodikira kusokedwa. Anasesa m'nyumba, anakutumula mphasa, anasefa mchenga wa pakhonde ndi sefa, nkhuku nazo zinanenedwa kuti zameza. Mapeto ake onse anagwirizana kuti kanagwera mumchenga pabwalo, potulutsa makina. Kupeza kena kunali kokafuna ku Lilongwe, ndipo makina akale ngati amenewo panalibe wotsimikiza kuti kakapezeka.

Ndinamuuza Elube kuti, "Mayi, kachitsulo kameneka ndikapeza ine. Ndikakapeza, amayi ako adziwa kuti mawaya nawo amadyetsa."

Iye anangoti, "Bambo, chonde, musakulitse nkhani."

Lachitatu kusanatenthe ndinali pa njinga, ulendo wa ku Khombedza, kwa Che Saidi. Che Saidi anali wokonza mawailesi pa khonde la sitolo ina, munthu amene sukulu anailekeza mu sitandade folo, koma wailesi ankaimva matenda ake pongoigogoda ndi chala. Anali ndi magazini ina yakale yopanda chikuto, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo anandionetsamo chithunzi cha makina osaka zitsulo pansi pa nthaka. Nzeru yake njosavuta. Umakulunga waya wa mkuwa kambirimbiri kuti upange mkombero, n'kuulumikiza ku thiranzisita imodzi, timakapasita tiwiri ndi batire. Kenaka umaika wailesi pafupi, n'kuitchera pamalo popanda siteshoni, mpaka itayamba kuimba kamluzu. Mkombero uja ukayandikira chitsulo, kamluzuko kamasintha. Basi!

Che Saidi anazula zofunikazo m'wailesi yakufa, n'kuzikulunga m'pepala, koma pondipatsa anagwira kaye dzanja langa.

"Aphunzitsi, Insha Allah alira. Koma makina amenewa sadziwa chitsulo chofunika ndi chachabe. Msomali, mbedza, chitini, kwa iwo onse ndi pachibale. Iwo ali ndi khutu lokha, maso ndi anu. Muziyang'ana."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unali kale kwa Maganga ukulandira ulemu.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinagwira ntchito imene mpaka lero ndimainyadira. Waya ndinamasula m'dayinamo ya njinga yanga. Mkombero ndinatenga wa sefa ina imene ndinaipeza itatsamira kukhitchini, ndinangoti ndi yotha, n'kuchotsa waya wake wosefera. Inali sefa ya apongozi, yomwe ija anasefera mchenga, koma zimenezo ndinadziwa pambuyo pake. Wailesi ndinatenga ya Elube, mphatso ya ukwati yochokera kwa amayi ake omwewo. Powotcherera ndinkatenthetsa msomali waukulu pa mbaula, zala zitatu zinapsa. Zonse ndinazimangirira ndi malegeni pa nkhafi yothyoka imene ndinatola kugombe, mkombero kunsonga, wailesi pafupi ndi chogwirira. Nditatchera, kamluzu kanayamba, wiiiii. Elube anabweretsa supuni, n'kuiyandikiza pa mkombero. Wuuuu! Anaichotsa, wiiiii. Anaibwezanso, wuuuu!

Anzanga, mukanamuona Elube! Anaomba m'manja, anathamanga kukatenga lumo, mpeni, chivundikiro cha poto, chilichonse chikulira. Anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira tsiku la ukwati, ndipo ndinamva kuti ndine munthu.

Lachinayi m'mawa apongozi anavala chitenje chawo cha chipani n'kupita ndi amayi anzawo kokayeserera magule. Ine ndinati apa ndi pomwepa. Ndikapeze kachitsulo iwo asanabwere, ndikaike mwakachetechete pamwamba pa makina, kenaka ndikhale pansi pa mango ndi buku ngati sindikudziwa kanthu. Ndiye poti ntchito ya sayansi imafuna ulemu, ndinavala thalauza langa lokhalo, limene ndinkapita nalo kusukulu ndi kutchalitchi komwe, malaya oyera, tayi, ndi nsapato zanga zachikopa. Tayi, anthuni, pokasaka chitsulo mumchenga! Ndinalowetsa kachomvera ka wailesi m'khutu kuti kamluzu ndizikamva ndekha, ndinayamba.

Phazi loyamba, wuuuu! Ndinakumba. Palibe kanthu. Ndinasuntha pang'ono, wuuuu! Ndinakumba mpaka m'chigongono. Palibe. Kulikonse kumene ndalowera makina akulira, ine ndikukumba, thukuta lili kamukamu, tayi ikulowa m'dzenje. Maenje atakwana asanu ndi awiri, Elube amene ankaonerera ali pakhonde anabwera n'kundizula kachomvera kaja.

"Bambo, tavulani kaye nsapatozo."

Ndinavula. Makina anangoti wiiiii, mwaulemu wake. Nsapato zanga zinali zokhoma misomali kuzidendene, ndipo ola lathunthu ndinakhala ndikusaka mapazi anga omwe.

Chabwino, ndinapitiriza wopanda nsapato, tayi ili m'khosi. Tsopano makina anayamba kugwira ntchito yeniyeni, ndipo mawu a Che Saidi anayamba kukoma. Misomali yadzimbiri, mbedza, zitsekerero za mabotolo, khasu lakutha, belu la njinga. Ndinafukula ngakhale supuni imene chaka chapitacho Elube anayambanirana ndi mnzake woyandikana naye, mpaka mwezi wathunthu osalonjerana. Elube anaitola msangamsanga n'kuibisa m'chitenje. Zing'onozing'ono ndinkaponya m'thumba la thalauza, zazikulu ndinkaunjika pambali. Bwalo la apongozi, limene ankalisesa kawiri pa tsiku, linasanduka ngati podutsa okumba mbewa. Nkhuku zokha ndi zimene zinkandiyamika.

Mudzi suchedwa. Anthu anayamba kudzaza, amuna ochokera kudimba, asodzi opita kumsika ndi madengu pa njinga, akuluampingo awiri, ndi makolo a ana amene ndinkawaphunzitsa. Ena ankati aphunzitsi apenga, ena ankati ayi, akusaka golide. Kenaka khamu linapatuka lokha, ndipo analowa atcheya a nthambi ya chipani, ndodo m'manja, baji ikuwala pa chifuwa.

"Aphunzitsi, chimenechi mukuyankhula nacho ndi ndani?"

Ndinati sindikuyankhula ndi munthu, ndikusaka kachitsulo ka makina amene akusoka zovala za msonkhano. Ndinafotokoza za mkombero, za thiranzisita, ngati ndili m'kalasi. Iwo anati akufuna amve okha. Ndinazula kachomvera kuti mawu atulukire pa sipika, koma pogwiragwira chala chawo chinapotoza potcherera paja. Kamluzu kanazima. M'malo mwake munatuluka mawu a mwamuna, okhathamira bwino, akuwerenga nkhani m'Chiswahili.

Achinyamata a lero simungamvetse, koma masiku amenewo mphunzitsi wokhala ndi mawaya pa ndodo, wailesi yake ikuyankhula za dziko lina, sipankafunikanso umboni wina kuti amangidwe. Ndinapotoza msanga, kamluzu kanabwerera.

"Tachiyesani pa ine," anatero atcheya.

Ndinakweza mkombero. Pa mwendo, wiiiii. Pa mimba, wiiiii. Utafika pa chifuwa, pa baji ija yokhala ndi nkhope ya mwini dziko, wuuuuuu!

"Chikulirira chiyani pa nkhope imeneyi?"

Mulungu amathandiza ndi opusa omwe. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Sichikulira, atcheya, chikululutira."

Ena anafuna kuseka koma anameza. Atcheya anaitanitsa mpando.

"Ndikhala pompano. Chikapeza kachitsuloko, chabwino. Chikapanda kupeza, ine, inu ndi chinthu chanuchi tipitira limodzi ku boma."

Ndinabwezera kachomvera m'khutu, maso pansi, mtima m'mwamba. Panali patatsala mbali imodzi yokha, m'mphepete mwa mpanda wa udzu umene unatchinga kuseri kwa nyumba, kumene amayi amapetera ndi kuphikira. Chimene sindinadziwe n'chakuti amayi a magule anali atabwerako. Apongozi ataona chikhamu cha amuna pabwalo pawo, anadzera njira ya kuseri, n'kukhala pansi atatsamira mpanda womwewo, akusankha mpunga m'lichero, chitenje atachimasulako chifukwa cha kutentha.

Ndinayenda pang'onopang'ono motsata mpanda. Wiiiii, wiiiii, kenaka wuuuu, koyera bwino ngati pa supuni paja. Ndinagwada. Pansi pa udzu panatulukira kansonga ka nsalu, kotuwa ndi fumbi, komanga mfundo. Ndinafinya mfundoyo. Munali chinthu cholimba, chobulungira, ngati dzira la njiwa. Ndinaona nyumba ya malata, ndinaona Elube akuyala makatani, ndinati zatheka! Ndinakoka.

Nsalu inakokanso.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa kuti kodi sanza imakoka? Koma pakhomopo panali mbuzi ina yaikazi, yokalamba, imene inkadya chilichonse, inandidyerapo kolala ya malaya pa chingwe. Ndinati ndi yomweyo.

"Siya, iwe!"

Ndinakoka, iyo inakoka. Elube ndinamuona kumbali akukupiza manja onse awiri, pakamwa pakuyenda, koma m'khutu mwanga munali wuuuu, ndinayesa akundichemerera.

"Ndati siya! Nkhalamba yopanda manyazi iwe, tsiku lililonse kuvutitsa anthu pakhomo pano! Chaka chino Khirisimasi suiona!"

Ndinaponda phazi pa mtengo wa mpanda, ndinagwira ndi manja awiri, n'kukoka ndi mphamvu zimene ndinkalephera kuonetsa kumunda.

Pweeee!

Ndinagwa chagada, n'kukhala pansi mumchenga, kachomvera katathothoka m'khutu. M'manja mwanga munali chidutswa cha nsalu, kutalika ngati mkono. Fumbi litayoyoka ndinaona mitundu yake. Inali nsalu ya chipani. Cha kumapeto kwake, pamene panang'ambikira, panali khutu. Khutu limenelo ndinkalidziwa, aliyense ankalidziwa, chithunzi cha mwini wake chinkapachikidwa m'kalasi mwanga pamwamba pa bolodi.

Kuseri kwa mpanda kunamveka kachifuwa. Kenaka mawu odekha, osakweza:

"Elube."

"Mayi."

"Uwauze amuna akowo kuti mbuzi yamva."

Anzanga, munayamba mwapemphapo nthaka kuti ikumezeni? Ine ndinali ndi maenje okwanira pabwalo lonse, koma panalibe limodzi londikwana. Ndatukwana apongozi, ndawavula chitenje, ndang'amba nkhope ya mwini dziko, zonsezi atcheya ali pa mpando kumbuyo kwanga. Chitengwa ndinachiiwala, ndinayamba kuganiza zoti ndani azikanditengera chakudya kundende. Ndipo sindinali ndekha, chifukwa chitenje chinali cha apongozi, nawonso akanafunsidwa. Mwayi wake ndinali nditawafulatira anthu. Ndinakankhira chidutswa chija pansi pa ntchafu.

"Chang'ambika n'chiyani?" Atcheya anali ataimirira, akulunjika pa khomo la mpanda.

"Atcheya, kuno kuli amayi, ndipo sitinavale bwino," anatero apongozi, mawu awo ngati akuitanitsa mchere. "Mwamuna asalowe."

Atcheya anaima chilili. Ngakhale ndodo ya chipani inali ndi malire ake.

"Nanga chang'ambika n'chiyani, mayi? Tonse tamva."

"Ndi thalauza la aphunzitsi. Ndaliona pa mpata wa udzu. Ndinanena kale ine kuti atelala a ku boma sadziwa kusoka. Elube, pita ukawathandize amuna ako, unditengerenso zimene atolazo."

Thalauza langa linali lamphumphu, lopanda ndi kabowo komwe. Kenaka nzeru ya apongozi inandifika m'mutu, ndipo ndinadziwa kuti kwatsala mbali yanga. Elube anabwera, anagwada pambali panga atatambasula chitenje chake ngati akunditchingira manyazi, anasolola chidutswa chija n'kuchilowetsa m'bulauzi, akunong'ona kuti, "Fulumirani, bambo." Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa umodzi mwa misomali yadzimbiri ija, ndinaulowetsa pa msoko wa kumbuyo, n'kuyamba kutsokomola mwamphamvu kuti zisamveke. Mantha ndi oipa. Pofunika kung'amba pang'ono pokha, ine ndinatsegula kuchokera pa lamba mpaka pansi.

Elube analowa kumpanda. Atcheya anafika pamene ndinakhala.

"Taimirirani, aphunzitsi."

Ndinaimirira.

"Tembenukani."

Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinatembenuka. Ndipo poti zinthu zinali zovuta masiku amenewo, kabudula wanga wamkati Elube anandisokera ndi nsalu ya thumba la ufa, zilembo zake zosafufutika. Kholo lina la mwana wa m'kalasi mwanga, limene ndinkaliyesa losadziwa kuwerenga, linawerenga mokweza kuti onse amve, kulemera kwa thumbalo ndi zonse.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndikhulupirira kunamveka mpaka ku chilumba cha Mbenji. Asodzi anagwetsa njinga, akuluampingo anabisa nkhope m'zipewa, atcheya anagwira pa mimba, misozi ikutsika. Ine chiimire, wopanda nsapato, tayi m'khosi, manja kumbuyo. Atapuma, atcheya anapukuta m'maso n'kukumbukira ntchito yawo.

"Zamveka. Koma kachitsulo kaja kali kuti?"

Ndisanayankhe, kuseri kwa mpanda kunayamba phokoso limene mudzi sunalimve masiku atatu. Chekecheke, chekecheke, chekecheke. Elube anali atatulutsa makina podzera khomo la kuseri. Sipanapite nthawi yoti n'kuwiritsa tiyi, khomo la mpanda linatseguka, ndipo anatuluka a Nambewe atavala chitenje chomwe chija.

Mwambo kapena ayi, tsiku limenelo ndinawayang'ana. Khutu linali pamalo pake. Nkhope inali yamphumphu. Msoko anauyendetsa m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi, pamene mitundu iwiri imakumana, ndipo kotsalako anakupindira mkati pomanga m'chiuno. Ine amene ndinang'amba ndi manja anga ndinalephera kuloza kuti ndi apa. Anayenda osafulumira, anadutsa pamphuno pa atcheya, anapinda maondo kuwalonjera, kenaka anatembenukira kwa anthu.

"Kachitsulo kapezeka. Ndinakachotsa ndekha Lolemba popita ku magule, kuopa ana angaseweretse makina, ndinakamanga pa kansalu n'kuiwala. Lero ndimayesa ndi kabotolo ka fodya. Ndinanamizira nkhuku, ndinanamizira mchenga, koma makina a mkamwini wanga sananame. Atcheya, zovala zanu mudzatenge mawa madzulo."

Mayi ameneyo! Akanatha kukhala chete za kuiwala kwawo, palibe akanawafunsa. Koma ananena pagulu, mutu uli chilili, kuti ulemu ubwere kwa ine amene ndinali nditangowatchula nkhalamba yopanda manyazi. Atcheya anagwedeza mutu, anati chinthucho ndidzapite nacho kwawo chifukwa anataya makiyi a loko ya njinga, ndipo ananyamuka. Khamu linabalalika likusekabe.

Masana onse ndinakhala ndikukwirira maenje, nditamanga chitenje cha Elube m'chiuno, thalauza litapita kuchipatala kuseri kwa mpanda. Aliyense wodutsa pa msewu ankalonjera mwaulemu wonyanya: "Mwaswera bwanji, amayi aphunzitsi?" Ndinkayankha. Nanga ndikanatani?

Cha m'ma folo Elube anabwera kudzati amayi akundiitana. Ndinakakhala patali, pafupi ndi nkhokwe, nditayang'ana kumbali monga mwa mwambo, ndikudikira kuti chigamulo chidzere mwa Elube.

"Aphunzitsi."

Ndinacheuka kufunafuna Elube.

"Ndikunena inuyo, a Mawaya. Munthu amene wandivula chitenje ndiyankhulenso naye kudzera mwa mwana?"

Zaka zinayi, amenewo anali mawu awo oyamba kwa ine. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Za mbuzi zisiyeni, mbuziyo ndi yanga, ndidziwa chochita nayo. Ine ndaona ziwiri. Munthu wotenga sefa yanga n'kuiphunzitsa kulira, mwana wanga sangagone naye ndi njala. Ndipo munthu wong'amba thalauza lake lokhalo atangomva mawu amodzi, osafunsa chifukwa, ameneyo amamva. Ndikawauza atsibweni ake. Mutengeni Elube muzipita kwanu." Kenaka anawonjezera: "Komanso mukakhala pano chaka china, mudzandivula ndi dilesi lomwe."

Ndinalira, sindibisa. Mwamuna wamkulu, nditavala chitenje, misozi ili chuchuchu pafupi ndi nkhokwe. Ndakumana ndi anthu ophunzira ambiri pa moyo wanga, oyendera sukulu, a madigiri, koma woganiza msanga ndi wolimba mtima ngati a Nambewe sindinamuone. Ndinawakonda kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo makina awo aja ali kwathu, Elube amasokera mpaka pano.

Koma dikirani, thalauza lija. Analipereka kwa Elube litapindidwa bwino. Nditalitambasula kunyumba, ndinapeza kuti telala uja wa msoko wosaoneka, amene anabwezera khutu la mwini dziko pamalo pake osasiya chizindikiro, ine anandiikira chigamba chofiira, chachikulu ngati mbale, chosokedwa ndi ulusi woyera, misoko yake yotalikirana yoti munthu n'kuiwerenga ali kutsidya kwa msewu. Elube anathamanga kukafunsa kuti amayi, bwanji chonchi?

"Kuti azikumbuka mbuzi."

Ndipo poti lina ndinalibe, ndi thalauza lomwelo limene ndinakayamba nalo ntchito ku sukulu yatsopano, ndikulemba pa bolodi chammbali ngati nkhanu.

Makina anga ndinawamasula tsiku lotsatira, ndipo atcheya, posowa makiyi awo, anachita kudula loko. Wailesi inabwerera kwa Elube, sefa ndinagula yatsopano. Mawaya sindinasiye ayi, mukabwera ndi wailesi yakufa ndikukonzerani lero lomwe. Koma chimodzi chokha ndinalumbira: nsalu imene ndaikoka, iyo n'kukokanso, ndimaisiya pomwepo, ndimavula chipewa, n'kufunsa kuti mwaswera bwanji.